Kujambula galu ndi pensulo: koyambira, ndi mwendo wakumbuyo umene umavuta aliyense

Funso limene ongoyamba kujambula amabwera nalo ndi lomwelomweli: "Galu wangayu bwanji akuoneka ngati mbuzi?" Ena amati watuluka ngati fisi, ena ngati nkhumba. Yankho lakenso silisintha, choncho ndalilemba pano kuti aliyense aziwerenga yekha. Ambiri mumayambira pa maso ndi ubweya musanaike mafupa, ndipo mwendo wakumbuyo mumaujambula mmene mukuuganizira m'mutu, osauyang'ana pa galu weniweniyo.

Malangizowa ndi a galu wamba amene timamuona tsiku ndi tsiku kuno ku Zomba, ku Chikanda, ku Chinamwali, ku Sadzi kapena ku Matawale: wa ubweya waufupi, mlomo wautali, mimba yolowa mkati, mchira wopindikira m'mwamba. Ameneyu ndiye wabwino kuphunzirirapo chifukwa nthiti ndi mfundo za miyendo yake zimaonekera pakhungu. Tiagalu taubweya wambiri tija ndi a German Shepherd a makampani olondera muwasiye kaye.

1. Zipangizo

Pensulo ya HB, yomwe ija ya kusukulu, ikukwanira poyamba. Chilembo H chimasonyeza pensulo yolimba, yolemba mopepuka, pamene B ndi yofewa, yolemba mwakuda. Mukapeza 2B ndi 4B m'mashopu a zolembera m'tauni, gulani, koma ntchito yake ifika pa sitepe 9. Labala akhale woyera ndi wofewa. Wofiira wa kumapeto kwa pensulo uja amasiya zipsera ndipo amakanda pepala. Posongola gwiritsani ntchito lezala m'malo mwa shapena, chifukwa lezala limakupatsani nsonga yaitali imene mungaigoneke cham'mbali popaka mthunzi.

Musawononge ndalama pa mapepala odula. Mapepala a A4 olembedwa mbali imodzi, amene amatsala m'malo opangira fotokope, ndi abwino zedi, ndipo poti ndi otaya kale simuchita nawo mantha. Apanireni pa katoni yolimba ndi mapegi awiri a zovala. Kope ya mizere ipeweni, mizereyo imasokoneza maso poyeza.

Pensulo igwireni cha pakati kapena kumapeto, osati pafupi ndi nsonga ngati mukulemba kalata. Mukatero dzanja silikanikiza, mizere imatuluka yopepuka, yosavuta kufufuta.

2. Pezani galu amene sakuthawani

Galu woyamba akhale wogona. M'mwezi wa October, dzuwa likafika paliwombo, agalu amagona chammbali pamthunzi atatambasula miyendo yonse inayi, ndipo mukhoza kuona mfundo iliyonse kwa mphindi 10 kapena kuposa asanatembenuke. Mu June ndi July, kukazizira, amadzipinda n'kubisa mphuno kumchira, miyendo osaoneka. Masiku amenewo phunzirani msana ndi makutu.

Khalani pansi pa mtunda wa mamita 2 kapena 3, maso anu akhale pafupifupi pa msinkhu wa galuyo. Izi n'zofunikanso mukamatola chithunzi pa foni kuti mukaonerepo kunyumba. Chithunzi chotola mutaimirira pafupi chimakulitsa mutu n'kufupikitsa miyendo, ndipo mukachikopera mwakopera bodza. Njutani pansi, bwererani m'mbuyo, mutole galu ali chammbali.

Galu wosamudziwa, wakudya, woyamwitsa kapena womangidwa pa tcheni musamuyandikire. Wa eni ake pemphani kaye kwa eni akewo. Chiwewe kuno chilipo ndipo zizindikiro zikayamba sichichizika. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ku Zomba Central kapena kulikonse kumene muli nako pafupi.

3. Bokosi loyezera

Tijambule galu woimirira chammbali, woyang'ana kumanzere. Gonekani pepala m'litali, mujambule bokosi lopepuka la masentimita 11 mopingasa ndi masentimita 10 mu msinkhu. Siyani malo kumanzere ndi kumwamba oti mutu ulowepo. Mzere wapansi ndi nthaka. Wapamwamba ndi pamwamba pa mapewa, pamene khosi limathera n'kuyamba msana. Wakumanzere ndi kutsogolo kwa chifuwa, wakumanja ndi kumapeto kwa thako. Mutu, khosi ndi mchira zili kunja kwa bokosi.

Dulani bokosilo pakati ndi mzere wopingasa, pa masentimita 5 kuchokera pansi. Chifuwa chimathera pamzerewu, ndipo chigongono chilinso pomwepo. Theka la msinkhu wa galu ndi chifuwa, theka linalo ndi miyendo. Mukalakwitsa apa, zotsatira zonse zalakwika.

Mutu wake, kuyambira pamphuno mpaka kunkhongo, ukhale masentimita 4. Kunena kwina, msinkhu wa galu ndi mitu iwiri ndi theka. Ongoyamba amakulitsa mutu chifukwa ndi umene maso awo amakhalitsapo, n'chifukwa chake galu wamkulu amatuluka ngati kamwana.

Pa galu wamoyo simungaikepo rula. Tambasulani mkono wonse, tsinzinani diso limodzi, linganizani nsonga ya pensulo ndi mphuno ya galu, chala chachikulu chikhale pamene pali nkhongo. Umenewo ndiwo muyeso wa mutu umodzi. Werengani kuti ukulowa kangati m'thupi ndi m'miyendo. Chigongono chanu chisapindike poyeza, chikapindika muyeso wasintha.

4. Chifuwa, chiuno ndi msana

Kumanzere kwa bokosi, m'theka lapamwamba, jambulani dzira lalikulu, pafupifupi masentimita 6 m'litali ndi 5 kuya kwake. Limeneli ndi khola la nthiti, zimene galu ali nazo 13 mbali iliyonse. Mbali yonenepa ya dziralo ikhale kutsogolo. Kumanja, chakumwamba, ikani dzira laling'ono la masentimita 3 ndi theka, lopendekera pansi chakumchira. Chimenecho ndi chiuno. Pakati pa awiriwa pakhale mpata.

Lumikizani pamwamba ndi mzere wa msana. Umatsika pang'ono kuchoka pamapewa, kuyenda mowongoka, kukwera pang'ono pamwamba pa impso, kenako n'kutsetsereka kupita kumchira. Mchira ndi msana womwewo ukupitirira, choncho utulutseni pamzere womwewo, wonenepa potulukira, wowonda kunsonga. Mchira wochita kumatidwa pathako umaonekeratu kuti ndi womata.

Pansi, mzere wa mimba uchoke pachigongono n'kukwera kulowera kuntchafu. Kukwera kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa galu ndi mbuzi, chifukwa mimba ya mbuzi imalendewera. Mukauwongola mzerewu mofanana ndi wa msana, mwajambula mgolo.

5. Mwendo wakutsogolo

Musajambule nyama kaye. Ikani madontho pamene pali mfundo, muwalumikize ndi mizere yowongoka.

Dontho loyamba lili pamwamba pa mapewa, pafupifupi masentimita 3 kuchokera kumanzere kwa bokosi. Kuchoka apo fupa la phewa limatsetsereka kupita kutsogolo mpaka kumaso kwa chifuwa. Fupa lachiwiri limabwerera m'mbuyo kukafika pachigongono, chimene chili pansi penipeni pa dontho loyamba lija, pamzere wapakati. Mafupa awiriwa ali mkati mwa thupi, n'chifukwa chake ambiri sadziwa kuti alipo, amangotulutsa mwendo pansi pa chifuwa ngati wa tebulo.

Kuchoka pachigongono mwendo umatsika mowongoka mpaka pa kamfundo kamene kali pafupifupi masentimita 2 kuchokera pansi. Kamfundo kameneka ndi kofanana ndi pamene inu mumavala wotchi. Pansi pake mwendo umapendekera kutsogolo pang'ono n'kukathera kuphazi. Miyendo yakutsogolo imanyamula pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa galu, choncho iime molimba pansi pa chifuwa, isathawire kutsogolo kukhosi.

6. Mwendo wakumbuyo

Apa ndi pamene pagona ntchito, ndipo musapitirire musanapamvetse.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti bondo la galu limapindikira kumbuyo. Amaona mfundo yosongoka ija imene imaloza kumchira, n'kuyesa bondo. Mfundo imeneyo ndi chidendene. Galu amayenda ndi zala zokha, chidendene chili m'mwamba. Bondo lake lenileni lili pamwamba, pafupi ndi mimba, ndipo limaloza kutsogolo monga lanu lomwe.

Yesani ndi thupi lanu. Vulani nsapato, imani monyang'ama ndi zala, pindani mawondo pang'ono, muwerame n'kugwira mpando. Yang'anani mwendo wanu chammbali pagalasi. Kuchoka m'chiuno ntchafu ikupita kutsogolo mpaka pabondo, msongolo ukubwerera m'mbuyo mpaka pachidendene, phazi likutsika kukafika pazala. Mwendo wa galu ndi womwewo, kungoti phazi lake ndi lalitali ndipo ntchafu ndi yaifupi. Umboni wina muuona galu akakhala pansi: chidendene chija chimagunda nthaka, phazi lonse lalitali n'kugona pansi monga la munthu.

Tsopano pa pepala, madontho anayi.

Dontho la chiuno likhale mkati mwa dzira laling'ono lija, pafupifupi masentimita 2 kuchokera kumanja kwa bokosi ndi masentimita 2 kuchokera pamwamba. Dontho la bondo likhale kutsogolo ndi pansi pake, pafupifupi masentimita 3 ndi theka kuchokera kumanja, pamwamba pang'ono pa mzere wapakati uja. Onani kuti bondo ndi chigongono zili pafupifupi pamsinkhu umodzi. Ichi ndi choyezera chabwino pa galu aliyense. Dontho la chidendene likhale pafupi ndi mzere wakumanja wa bokosi, masentimita 3 kuchokera pansi. Dontho la zala likhale pansi pa chidendene, patsogolo pang'ono.

Lumikizani, mukunena pakamwa: kutsogolo, kumbuyo, pansi. Fupa la ntchafu ndi la msongolo ndi ofanana kutalika pafupifupi, ndipo chigawo chomaliza, chochoka pachidendene kufika pazala, ndi chachifupi ndipo chimaima chilili galu akaima bwino.

Pokuta nyama, kumbukirani kuti siifalikira mofanana. Ntchafu ndi yotakata kwambiri, imadzaza malo onse kuyambira pabondo mpaka kumapeto kwa thako, mwina masentimita 3 ndi theka m'lifupi. Pansi pa bondo nyama imachepa msanga. Pofika pamwamba pa chidendene patsala fupa kutsogolo, mtsempha wolimba kumbuyo, ndi kadzenje pakati pake. Pa agalu athu owonda kadzenje kameneka kamaoneka bwino, ndipo kamthunzi kakang'ono pamenepo kamachititsa mwendo wonse kukhulupirika. Chidendene chikhale chosongoka, musachizungulitse. Pansi pake mwendo ndi wowonda, wofanana kuyambira pamwamba mpaka kuphazi.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa ndi zitatu. Choyamba ndi kuiwala bondo, mwendo n'kuchoka m'chiuno molunjika kukafika pachidendene. Galu amaoneka wouma, wosatha kuthamanga. Chachiwiri ndi kukweza chidendene mpaka pakati pa msinkhu, zimene zimapatsa galu miyendo ya gwape. Chachitatu ndi kupinda chigawo chapansi ngati uta, pamene mkati mwake muli mafupa owongoka osapindika.

Njira yachangu yozolowetsa maso ndi iyi. Sindikizani zithunzi zisanu za agalu oima chammbali, kapena dulani za m'nyuzipepala zakale. Ikani pepala loyera pamwamba pa chithunzi, muzitsamiritse pawindo masana, mulembe madontho anayi aja ndi mizere itatu basi, osatsata mzere wakunja. Kenako chotsani chithunzicho, mukute nyama nokha. Dzazani tsamba lonse ndi miyendo yakumbuyo yokhayokha, 20 kapena kuposa, ina yoyang'ana kumanzere ina kumanja. N'zotopetsa, koma palibe sitepe ina m'malangizo ano imene imabweza phindu ngati imeneyi.

Miyendo iwiri ya mbali inayo ijambuleni mofanana, koma mapazi ake athere pafupifupi theka la sentimita pamwamba pa mzere wa nthaka, ndipo mizere yake ikhale yopepuka. Mapazi onse anayi akakhala pamzere umodzi, galu amaphwatalala.

7. Mapazi

Phazi lililonse lili ndi zala zinayi zoponda pansi, ziwiri zapakati zotsogola. Chammbali mumaona ziwiri kapena zitatu zokha. Kumiyendo yakutsogolo kuli kachala kachisanu chamkati, pamwamba pang'ono, kosafika pansi. Mapazi akutsogolo ndi okulirapo ndi obulungira kuposa akumbuyo. Pansi pa phazi pakhale pophwatalala chifukwa pali kulemera, ndipo zikhadabo zikhale timizere tating'ono. Za galu sizibwerera mkati ngati za mphaka.

8. Khosi ndi mutu

Khosi limachoka pamwamba ndi kutsogolo kwa chifuwa mopendekera, lotakata pansi, lochepa kumutu, kutalika kwake pafupifupi mutu umodzi. Khosi lowonda loima chilili ndi chinthu china chimene chimabweretsa mbuzi ija.

Kumapeto kwa khosi jambulani chozungulira cha masentimita 2, chimene ndi chigaza. Kutsogolo kwake lumikizani kabokosi ka masentimita 2 kochepera kunsonga, kamene ndi mlomo. Pa galu wamba chigaza ndi mlomo n'zofanana kutalika. Pamene ziwirizi zakumana pali kotsika pang'ono kuchoka pachipumi, ndipo diso lili pomwepo. Mphuno imapitirira pang'ono kutsogolo kwa kamwa. Chibwano chapansi ndi chachifupi ndi chopyapyala kuposa chapamwamba. Mzere wa kamwa umayenda m'mbuyo n'kukathera pansi pa diso. Khutu limamera kumbuyo kwa chigaza chakumwamba, kuseri kwa diso, ndipo tsinde lake ndi lotakata.

Galu akakuyang'anani maso ndi maso, jambulani chozungulira, muikepo mtanda wopepuka wotsata kubulungira kwa mutu. Maso akhale pamzere wopingasa, motalikirana kuposa a munthu. Mlomo ndi kabokosi kotulukira kwa inu pansi pa mzerewo, ndipo mutu ukatembenuka mtanda ndi kabokosi zimatembenukira limodzi. Mphuno ili ndi kamzere pakati kotsikira kumlomo, ndipo mabowo ake amapindikira m'mbali.

Pa maso chenjerani. Choyera cha diso la galu sichioneka kwenikweni. Mukachionetsa kwambiri, galu amaoneka wamantha kapena amatenga nkhope ya munthu. Detsani pakati pa diso, musiye kadontho kamodzi ka pepala loyera, mbali yofanana m'maso onse awiri.

Makutu ndi mchira ndi zimene zimanena za mumtima mwa galu. Makutu oimirira oloza kutsogolo ndi galu amene ali tcheru, ogonera kumbuyo pamodzi ndi mchira wolowa pakati pa miyendo ndi wamantha. Sankhani chimodzi, ziwalo zonse zigwirizane nacho.

9. Mzere wakunja, mthunzi ndi ubweya

Pukutani mizere yoyezera ndi labala mopepuka kuti izingooneka patalipatali. Tengani 2B mujambule mzere wakunja, koma musauyendetse mofanana thupi lonse. Kanikizani pansi pa chifuwa, pamimba ndi pamene fupa lili pafupi ndi khungu, monga pachigongono ndi pachidendene. Pamsana pamene pakuwala dzuwa pepukitsani, ngakhale kuudula kumene.

Sankhani mbali imene kuwala kukuchokera musanapake chilichonse. Dzuwa la m'mawa kapena la chakumadzulo ndilo labwino chifukwa limaonetsa nthiti ndi minofu; la masana limaunjika mthunzi wonse pansi pa mimba. Gwiritsani ntchito milingo itatu yokha: pepala loyera powala, HB yogoneka cham'mbali pakatikati, 4B pamdima, monga pansi pa khosi, mkati mwa khutu, kuseri kwa chigongono ndi mkati mwa ntchafu ya mbali inayo. Ikaninso mthunzi pansi wokhudza mapazi, apo ayi galu aziyandama.

Ubweya musaujambule umodziumodzi. Pa galu wa ubweya waufupi, timizere tochepa pakhosi, pachifuwa, kumbuyo kwa ntchafu ndi kumchira takwana. Titsate kumene ubweya umagonera: kuchoka pamphuno kupita kumchira, ndi kutsika m'miyendo. Galu wakuda musamudetse yense bii. Siyani powala pamsana, paphewa ndi pantchafu, chifukwa kuwalako ndi kumene kumaonetsa thupi lake. Kufafaniza ndi chala kumasiya mafuta papepala ndipo chithunzi chimaoneka chakuda ndi litsiro. Pindani kapepala kolimba kakhale kosongoka, muzifafanizira kameneko, ndipo pansi pa dzanja lanu muziyala pepala lina.

Makala ofewa a pambaula amagwira bwino pa pepala lakhaki mukafuna kujambula chachikulu, ndipo chapakati cha buledi chokanyakanya chimachotsa makala pamene mukufuna kuwalitsa. Koma makala sachedwa kufufutika, ndiye ayeseni mutazolowera kaye pensulo.

10. Kupeza zolakwa ndi kuzolowetsa dzanja

Maso amazolowera cholakwa akachiyang'anitsitsa. Onetsani chithunzicho pagalasi, kapena tembenuzani pepala muliyang'anire kumbuyo kwake padzuwa. Mwendo wautali kuposa unzake ndi mutu wopendekeka zimaonekera nthawi yomweyo. Mukapeza kuti muyeso walakwika, yambirani pepala lina. Mthunzi sukonza mafupa.

Tsiku lililonse patulani mphindi 15 za zithunzi zachangu. Tcherani foni ilire pakatha mphindi imodzi, ndipo m'mphindi imeneyo ikani mzere wa msana, mazira awiri, mutu ndi madontho a miyendo, osafufuta. Galu akasuntha, yambani china pambali pake. Nthawi zambiri amabwerera mmene analili ndipo mukhoza kupitiriza choyamba chija. Masiku a katemera wa chiwewe, pamalo amene a zaziweto alengeza, pamasonkhana agalu amisinkhu yonse ali ndi eni ake, ndipo mutakhala chapatali mukhoza kudzaza masamba angapo m'mawa umodzi. Ana agalu ali ndi muyeso wawo: mutu ndi mapazi zazikulu, mlomo waufupi, mimba yotuluka, miyendo yaifupi.

Lembani deti pa tsamba lililonse ndipo musataye ngakhale loipa. M'dzinja mapepala kuno ku Zomba amayamwa chinyontho, amafewa ndipo pensulo siigwira bwino, choncho asungeni mu jumbo yotseka, pakati pa makatoni awiri.

Galu woima akayamba kutuluka bwino, pitani kwa wokhala pansi, kenako woyenda. Galu akamathamanga pang'onopang'ono, miyendo imayenda iwiriiwiri mopingasa: wakutsogolo wakumanzere limodzi ndi wakumbuyo wakumanja, kenako inayo. Jambulani kavidiyo ka masekondi 10 pa foni galu akudutsa chammbali, mukaimitse pamene mukufuna, ndipo muyambe ndi madontho a chiuno, bondo, chidendene ndi zala musanakhudze china chilichonse.